Dzina Lobwereka pa Khoma la Akatswiri

Lolemba

Dziko latha manyazi!

Loweruka likubwerali atsegula Khoma la Akatswiri pa holo ya sukulu yathu ya pafamu. Bungwe la masewera a m'mafamu a kuno ku Norton lasankha amayi atatu amene anasewera basiketi kuposa onse, ajambulidwe ndi penti pakhomapo, ana aziona mpaka kalekale. Woyamba pa atatuwo: Eneresi.

Eneresi msuweni wanga! Mwana wa amalume! Mayi amene akathamangira kombi, dalaivala amamva chisoni n'kubwerera chambuyo. Mpira wa basiketi anaukhudza kamodzi chibadwire, tsiku limene unagwera m'beseni lake la matimati.

Amene anasewera ndi ine. Komboni yonse ikudziwa.

Ndilembe bwinobwino, popeza a zolembalemba andiiwala. Mpikisano wa masukulu unkafuna chitupa chobadwira. Ine ndinalibe. Agogo anachokera ku Dedza wapansi, amayi anabadwira pafamu pano opanda pepala, ndipo ku ofesi ankatiuza kuti tikatenge mboni kwathu. Kwathu kuti? Kwathu ndi kuseri kwa shedi ya fodya. Koma amalume anakwatira Mshona wa ku Mhondoro wa mapepala ake, ndiye Eneresi chitupa anali nacho, chongogona m'sutikesi ngati mwini wake. Aphunzitsi Mwale, amene ankatiphunzitsa mpira, anapita okha kukachibwereka. Ndinali Fomu 1. Kuyambira pamenepo m'kalasi ndinali ine, m'bwalo ndinali Eneresi. Changa chitatuluka, a Mwale anati tikasintha dzina atilanda chikho chimene tinapata kale. Ndinapitiriza. Zikho, mamendulo, chithunzi cha m'nyuzipepala: Eneresi, Eneresi, Eneresi.

Nkhaniyi ndaimvera ku shedi tikusankha fodya. Mai Tino, amene tinkasewera limodzi, akuwa kuchokera ku tebulo la kumapeto: "A Digiri, makorokoto, tikuyamikira msuweni wanu!" Amanditcha a Digiri chifukwa ndinapita ku yunivesite ku Chinhoyi n'kubwerako chimanjamanja. Sindinathawe ine. Ndinapumula. Kupumula kulibe malire. Anthu amene sanaonepo ngakhale geti lake ndiwo ali ndi pakamwa.

Pulani:
1. Mawa kwa a Mwale, ndiwo wapampando wa bungwelo tsopano. Awongole zimene anapinda okha.
2. Kusonkhanitsa timu yakale, ichitire umboni.
3. Eneresi akane yekha, ngati amaopadi Mulungu.
4. Kusita diresi labuluu.

Loweruka pakhoma paja padzakhala dzina langa. Ndanena!

Lachiwiri

A Mwale akalamba mochenjera. Khutu lawo limamva supuni ikamalira m'kapu ya tiyi kukhitchini, koma mawu akuti chitupa limawalambalala.

Ndawapeza pansi pa mtengo wa mapeyala, avala kachipewa ka bungwe. Ndawafotokozera mwaulemu. Ndagwada ndithu, ndi bondo lomwe lija ndinalivulaza powabweretsera chikho chachiwiri.

Mayankho awo:
- "Mwana wanga, bungwe limayendera zolembedwa."
- "Zakalekale angazikumbukire ndani?"
- "Komatu unkalumpha iwe!" Ndiye akukumbukira!
- "Alendo a ku Chinhoyi odzatsegula khoma akamva, zikho zonse zibwerera. Ufuna ana a sukulu azipukuta kabati yopanda kanthu?"

Ndawafunsa ngati dzina langa lenileni silingalowe palokha. Ati anafufuza kale. Pa dzina langa pali chaka chimodzi cha ku yunivesite: benchi, benchi, benchi, kenako kutulutsidwa m'bwalo chifukwa chouza refa kuti agulitse wisulo agule magalasi.

Ndinanena zoona, ndipo ndingabwerezenso. Za benchi nazo anthu sazidziwa. Ana a m'tauni ankafika ndi nsapato za mayina, ine ndi matenesi opaka choko. Kochi atandifunsa kumene ndinasewerapo, ndinamutchulira zikho zathu. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ati: "Usanamizire za eni ake. Eneresi wa ku Norton ndinamuona ndi maso angawa. Iwe sungafike pa chala chake." Ndinakhala pa benchi chaka chonse chifukwa chosafika pa chala changa.

"Katswiri," akutero a Mwale, "amayezedwanso ndi khalidwe."

Khalidwe! Munthu amene anapita kwa amalume ndi nkhuku m'khwapa kukabwereka mwana wa eni wa papepala!

Potsanzikana andipatsa mapeyala. Ndalandira. Ndi olimba ngati mitu ya a bungwe.

Nambala 1 yafa. Zina zonse zili moyo.

Lachitatu

Mboni. Ndaitana timu yakale pa chibhorani, pa mjigo paja, titaweruka. Abwera ndi zigubu zawo zotungira madzi, aliyense ndi maganizo ake amene palibe wawapempha. Ndimati msonkhano wa umboni, wasanduka bwalo la milandu, wozengedwa ine.

Mai Tino: "Kugoletsa ankagoletsa, shuwa. Koma mpira ankapatsa ndani? Ine ndinaima pansi pa lingi logoletseramo mpaka ndinamera mizu."

Ndinkapatsa mpira munthu amene angaugwire. Manja a Mai Tino anali ngati angochoka m'sopo.

Rosina, wa makolo a ku Tete, akuti katswiri weniweni ndi wotchinga, osati wongoponya. Akudzinena yekha. Ankatchinga ndi zigongono, mtsikana wina wa ku Macheke anabwerera kwawo atasiya dzino pabwalo pathu.

Loveness akuti chofunika ndi kupirira, ndipo iye sanajombepo ngakhale tsiku limodzi. Zoona. Sanajombepo pa benchi.

Mtsutso wakula mpaka amayi otunga madzi alowerera. Wina akuti tiwerenge zigoli. Wina zikho. Wina akuti amene anasewera ali ndi pakati alowe osafunsidwa. Amayi ena odutsa akuti mpira wa akazi ndi netibolo, uwu wogundagunda pansi ndi wa anthu osamva. Aliyense ali ndi muyezo, ndipo muyezo wa aliyense ukuthera pa mphuno yake. Wanga ndi wapafupi: amene timu ikatsalira maso onse ankatembenukira kwa iye. Ndawafunsa kuti maso awo ankapita kuti. Ayang'ana zigubu.

Ndiye ndanena chimene ndinawaitanira: Loweruka tiimirire tonse pamaso pa alendo, tinene kuti Eneresi wa m'bwalo anali ine.



Kenako Rosina: "Nanga ine amene ndinali Tsitsi?"

Mai Tino ankasewera ndi chitupa cha mng'ono wake wa mkazi wa foromani, ndipo chitupacho chinali chaching'ono kwa iwo ndi zaka zingapo. Pa timu yonse, wosewera ndi dzina lake anali Loveness yekha. Ndinaziiwala izi. Kapena sindinkamvetsera, ndinali wotanganidwa ndi kugoletsa.

Rosina watsitsa mawu. Mwana wa achemwali ake ali mu timu ya chaka chino, wamtali uja wodumpha bwino, ndipo naye akusewera ndi chitupa cha mnzake, chake chikadali pa mzere ku ofesi. Alendo akayamba kufukula zakale, ayambira pa zatsopano.

Mwanayo ndimamudziwa. Amaponya ndi dzanja lamanzere ngati ine. Koma si kuti ndagonja.

"Ufuna kutentha shedi yonse chifukwa cha tsamba limodzi," ati Mai Tino.

Tsamba lake ndi la giredi yoyamba, mayi!

Ndatunga madzi anga. Palibe wanditwika.

Lachinayi

Kwatsala chikumbumtima cha Eneresi. Ndapita kukachifufuza.

Lero ndi tsiku la amayi kutchalitchi, ndiye ndamupeza atangofika, akadali mu yunifolomu yoyera, nkhope ikuwala ngati wapaka mafuta ophikira. Wachitira umboni! Waimirira pamaso pa amayi onse n'kunena kuti anagona ali wogulitsa matimati, wadzuka ali katswiri, Yehova amakweza odzichepetsa. Amayi aimba nthungululu. Ena mwa oimbawo ankabwera kudzandionerera ndikusewera!

Wagula chipewa ku Norton. Chachikasu, cha duwa pambali, chachikulu ngati lichero.

Ndamuuza mosapita m'mbali: ukane. Wandipatsa mpando, wandithirira maheu, wakhala pansi n'kutambasula miyendo yake yaifupiyo.

"Asuweni, dzina langa munalitenga lili latsopano. Munalithamangitsa zigawo zonse. Anyamata a ku Chegutu ankabwera kudzafunsira Eneresi wa basiketi, akandiona ine ankapempha madzi n'kumapita. Ndinadandaula?"

Ndati zimenezo si vuto langa.

"Nyuzipepala italemba kuti Eneresi walumpha atavala kabudula wofika apa, akulu a mpingo anaitana ndani? Anachotsedwa m'kwaya ndani? Mutatukwana ahedi a ku Macheke, bambo anakwapula ndani?"

Za kwaya sindinkazidziwa. Komabe kwayayo inapindula.

"Kwathu kuno mbale yobwereka sibwerera yopanda kanthu, asuweni. Munabwereka mbale. Yabwera ndi ndiwo. Ndikane?"

Yankho ndalipeza, labwino kwambiri, koma ndili kale pafupi ndi nyumba yanga. Ndaliuza mbuzi ya aneba.

Nambala 3 yafa. Munthuyu Mulungu amamuopa, koma akuganiza kuti ali mbali yake.

Madzulo, uthenga wa a Mwale wazungulira komboni: alendo apempha kuti katswiri aliyense adzaponye mpira kamodzi pa mzere, anthu onse akuona, asanavundukule khoma.

Aleluya!

Pulani yatsopano:
1. Kukhala mzere wakutsogolo.
2. Kupinda manja.
3. Osanena kanthu. Mpira udzalankhula wokha.

Lachisanu

Nthawi ya nkhomaliro ndadutsa pabwalo la sukulu. Kungodutsa. Njira yochokera ku shedi ikhoza kudzera kulikonse kumene mwini miyendo wafuna.

Eneresi ali pa mzere, akuyeserera. Mayo ine!

Zimene ndaona:
- Amatsinzina asanaponye.
- Amaponya kuchokera pachifuwa ngati akukankha chitseko chokanirira.
- Mpira woyamba wagunda mzati. Wachiwiri wabalalitsa nkhuku za ahedi. Wachitatu wabwerera kwa iye, wathawa.

Ana a sukulu adzaza m'mbali, akugwa ndi phwete. Nanenso ndaseka. Ndaseka bwino ndithu, kuseka kwa munthu amene wadikira zaka.

Kenako mtsikana wina wa mu timu wauza mnzake, ine ndili kumbuyo kwawo: "Ndiye Eneresi wake ndi ameneyu? Amayi ankangonama, kalelo kunalibe mpira."

Kuseka kwanga kwathera pomwepo.

Kunalibe mpira! Dzina limenelo linkati likatchulidwa, matimu a m'tauni ankayamba kumva m'mimba. Pa mzere umenewo silinachititsepo munthu manyazi. Ndinalimanga ine, ndi bondo langa, ndi matenesi a choko, pa bwalo la fumbi lokhala ndi lingi lowotcherera ku galaja ya mathirakitala. Mawa likaphonya pamaso pa alendo, sadzati wogulitsa matimati waphonya. Adzati Eneresi wa basiketi anali nthano za m'komboni. Amene adzafe ndi ine, iye adzangopita kwawo ndi chipewa chake.

Ndathamangitsa ana onse. Eneresi ndamulanda mpira.

Titaweruka tabwereranso. Kuponya kwa pamwamba kwakanika, chigongono chake chili ndi maganizo akeake. Ndamuphunzitsa kwa pansi: miyendo tang'a, mpira pakati pa mawondo, kuukweza ndi manja awiri ngati akuponya dzungu m'ngolo. Ndi kaponyedwe kochititsa manyazi, koma manyazi a kugoletsa amaposa ulemu wa kuphonya.

"Asuweni, msana!"

Tsegula maso.

"Asuweni, ndikatsegula ndimaona anthu!"

Yang'ana thabwa la kuseri kwa lingi, anthu si ako.

Dzuwa likamalowa wayamba kugunda thabwa. Kamodzi walowetsa. Wagwada pomwepo kuti apemphere, ndamudzutsa, ndati Mulungu wamva, bwereza.

Alibe nsapato zoyenera, amafuna kudzaponya atavala zagogoda. Ndamubwereka matenesi anga. Phazi lokha ndilo timafanana.

Zimveke bwino: sindinakhululuke. Ndikulondera katundu wanga.

Magetsi athima. Ndasita diresi labuluu ndi simbi ya makala, khala lagwera pachifuwa penipeni. Bowo loti mwana angalowetse mutu. Nambala 4, pita bwino, ukapereke moni kwa anzako.

Loweruka

Ndavala diresi la Rosina. Likuthina m'khwapa.

Tenti, mipando yobwereka kutchalitchi, ana ovina, zokuzira mawu zolira ngati nkhumba. Alendo a ku Chinhoyi afika dzuwa litatiwamba kale. Wamkulu wawo ndi mayi wa magalasi akuda ndi suti yamasewera imene sinaonepo thukuta.

A Mwale alankhula. "Eneresi ndinamuona ali kamwana, ndinadziwa kuti apa pali golide." Akulankhula akuyang'ana denga la tenti. Komboni yonse ikuyang'ana ine. Ine ndapinda manja, monga mwa pulani.

Akatswiri ena awiri, a m'mafamu oyandikana nafe, aponya. Wina waphonya, wina walowetsa. Onse awiri ndinkawadutsa ngati mitengo, koma lero si tsiku lake.

Eneresi. Chipewa chachikasu, chitenje chatsopano, matenesi anga. Waima pa mzere. Wandiyang'ana. Ndamulozera thabwa ndi chibwano. Miyendo tang'a. Alendo ayang'anana. Watsinzina, chitsiru, watsinzina! Dzungu lauluka. Lagunda thabwa, lavina pa lingi, laima ngati likuganiza.

Lalowa!

Pali mayi wina amene wakuwa kuposa onse, wagwetsa mpando, wathamangira m'bwalo manja m'mwamba, diresi n'kung'ambika m'khwapa. Anthu akuti ndi ine. Sindikutsutsa, koma ndimakuwira dzina, osati munthu.

"Luso silikalamba!" akutero mayi wa magalasi pa chokuzira mawu. Kenako wafunsa a Mwale kuti wokondwa chonchiyu ndani.

"Ndi wachibale. Amakonda masewera."

Amakonda masewera!

Mpira wagubuduzika mpaka pa mapazi anga. Mayi uja, mokoma mtima ngati akulankhula ndi wodwala: "Mainini, yesaniko nanunso." Mainini, ndiye kuti mayi wamng'ono pa Chishona.

Mai Tino agwira pakamwa. Ndaona kuti nthawi yake ndi imeneyi, yopanda kunena mawu, yopanda kuvulaza mwana wa aliyense. Aone okha dzanja. Ndabwerera m'mbuyo kupitirira mzere, patali pamene ndinkaponyera kale. Ndagunda mpira pansi. Mawondo, chigongono, dzanja lamanzere, zala kutsazika mpira mwaulemu. Kaponyedwe kokongola kuposa kalikonse kamene kaoneka pabwalo limenelo chaka chino.

Wagunda lingi, watuluka.

Zifukwa:
- Mphepo.
- Mpira anaupopa mopitirira.
- Lingi analikweza, sindikufuna mtsutso.
- Diresi la Rosina.
- Bondo, limene lalira ngati nkhuni yothyoka.

"Musadandaule," akutero mayi wa magalasi, akundisisita paphewa. "Asuweni anu adzakuphunzitsani."

Ndachoka asanavundukule khoma. Ndayenda mowongoka mpaka kuseri kwa zimbudzi za sukulu. Kutsimphina ndayambira kumeneko.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Bondo latupa ngati papaya, komanso ndamva kuti Eneresi achitiranso umboni. Umodzi pa sabata ukwanira.

Anthu onse ali m'mapemphero, ndatsimphina mpaka ku holo. Kungoona ngati penti yake ndi yabwino.

Wojambula ndi wa m'tauni ya Norton, satidziwa. Anamupatsa chithunzi chija cha m'nyuzipepala kuti atengere. Ndiye pakhoma pali mtsikana ali m'malere, mpira m'dzanja lamanzere, kabudula wofika apa, miyendo yaitali ngati ya kakowa, pakamwa yasa, mwina akuuza refa za magalasi. Pansi pake zilembo zikuluzikulu: ENERESI.

Ndaima nthawi ndithu. Mpira sakupatsa aliyense, n'zoona. Palibenso wina pachithunzipo woti angaugwire.

Mphuno wakulitsa. Mphuno yanga si yotero.

Masana Eneresi wabwera kudzabweza matenesi. Wawachapa, wawapaka choko. Sanakhalitse, ati ali ndi alendo odzaona chipewa. Wangoika pakhomo n'kunena kuti, "Mbale yanu, asuweni."

Mu nsapato yakumanja muli matimati. Ofewa, amene akanika kugulika. Mu yakumanzere muli mendulo ya dzulo. Bulangete limene anamupatsa limodzi ndi menduloyo sanalitchule.

Ndaitembenuza. Yalembedwa Eneresi.

Ndaipachika pa msomali pamodzi ndi zinzake zakale. Sikusiyana nazo ngakhale pang'ono, zonse zinalembedwa chimodzimodzi.

Matimati ndaphikira ndiwo. Khoma atenge, dzina ndi lake.

Koma mphuno ija akonze.